Mpini Ulingane ndi Mwini Khasu

Munthu ali yense amene anakulira kumudzi adziwa kuti mipini ya makasu siilingana. Mmisiri wosema mpini ayamba wayang'ana msinkhu wa mwini khasu, ndipo pamenepo atenga kasemasema wace. Mwamuna wamtali amsemera mpini wautali, nkhalamba aisemera wopepuka, ndi kamwana koyamba kumene kutsata amace kumunda akasemera kampini kolingana ndi timanja tace. Palibe wonena kuti mwanayo wacitiridwa cifundo, kapena kuti agogo aja akonderedwa. Onse adziwa kuti cofunika ndico kuti munda ulimidwe, ndi kuti khasu losalingana ndi mwini wace lingotyola msana, nkhokwe osadzaza.

Nzeru imeneyi makolo athu anali nayo asanaone sukulu, koma ife ana ao timaitaya tikalowa nchito ya malipiro m'matauni. Mu ofesi, m'sitolo, m'fakitale ndi pamgodi zonse zinakonzedwa kale molingana ndi thupi la munthu. Makwerero anaikidwa cifukwa munthu sauluka, nyali ziyaka cifukwa maso saona mumdima, ndipo mipando iripo cifukwa miyendo itopa. Koma okonza zimenezi anali kuganiza za munthu wa mtundu umodzi wokha, wa miyendo iwiri yolimba, wa maso akuthwa ndi makutu akumva. Tsono akafika pakhomo munthu woyenda pa njinga ya olemala napeza makwerero asanu, ife tinena kuti walephera kulowa cifukwa ca miyendo yace, pamene comletsa ceniceni ndi makwererowo. Cifukwa cace ine nditi mwini nchito ayenera kukonza malo, zipangizo ndi macitidwe a nchito yace kuti wolemala wodziwa nchitoyo athe kuigwira, ndiponso nditi kukonza kotereku si mphatso iai, koma mangawa.

Kapena wina wa inu amene mwangotsiriza sukulu, thupi liri gwa, anganene kuti nkhani iyi ndi ya anthu ena. Akulu anati, lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. M'caka ca 2022 bungwe la World Health Organization linawerengera kuti anthu okwana 1.3 biliyoni ali ndi cilema cacikulu, ndiko kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 ali onse pa dziko lapansi. Ambiri a iwo anabadwa athunthu, ndipo cilema cinacita kuwapeza panjira. Wina anagubuduzika ndi basi pa mseu wa Great East, wina unamgwera mwala mumgodi, wina matenda a shuga anamdya maso, ndi wina anadzuka m'mawa mbali imodzi ya thupi itafa. Palibe wa inu amene wasaina pangano ndi mawa. Malo a nchito amene mukonzera mnzanu lero, kapena mudzakhalapo ndinu.

Ndikuuzeni za anthu awiri amene ndinawaona ndi maso anga. Zaka zapitazo ndinali kalaliki pa nyumba ina yosokeramo zobvala za ana a sukulu. Tsiku lina kunabwera mwamuna wa zaka ngati 30, woyenda ndi ndodo ziwiri, pakuti miyendo yace inafota ndi poliyo akali mwana. Anaturutsa m'thumba malaya amene anasoka yekha. Mwini nyumbayo anawatembenuza, nayang'ana msoko wa m'khosi ndi wa m'mapewa, nauyamika, koma anati, "Pepani, bambo, makina athu onse ndi opalasa ndi mapazi. Nanga inu mudzapalasa ndi ciani?" Mlendoyo anayankha mofatsa nati, "Bwana, malaya muli naowo sindinasoke ndi mapazi iai." Pamenepo kapitao wathu, mkulu wa imvi amene anakalambira pa makina, anati, "Bwana, m'cipinda ca katundu muli cogwirira ca makina akale opukusa ndi dzanja. Ndipatseni ola limodzi, ndipo muone." Anacotsa lamba pa makina ena, namanga cogwiriraco pa gudumu, nadula miyendo ya tebulo kuti lifupike.

Wopukusa ndi dzanja atsala ndi dzanja limodzi lokha loongolera nsaru, ndipo pa msoko wautali sangalingane liwiro ndi wopalasa. Kapitao anadziwa zimenezi, cotero anagawa nchito mwa nzeru. Misoko yaitali ya m'mbali anapatsa opalasa, ndipo telala watsopanoyo anampatsa kudula nsaru, kusoka makolala ndi matumba, nchito zofuna diso ndi kudekha. Sipanapite miyezi itatu, mwini nyumba anaona kuti nsaru yotayika yacepa, pakuti munthuyo anali kudula mosataya. Anakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo anyamata angapo amene ali ndi makina ao lero anaphunzira kudula pa tebulo lalifupi lija.

Waciwiri anali mesenjala pa ofesi ina kumene ndinagwirako pambuyo pace. Njinga yace inagundidwa ndi lole, ndipo kucipatala anamdula mwendo. Atacira anabwera ndi ndodo kudzafunsa za nchito. Munthuyu anali atakhala pa ofesiyo zaka zoposa 10. Anali kudziwa malo a failo iri yonse, dzina la mlendo ali yense, ndi kalata imene ifunika kuyankhidwa msanga. Masiku omwewo panali mpando wopanda munthu m'cipinda cosungiramo makalata. Koma akulu a ofesi anati, "Tinakulembani nchito yopalasa njinga, ndipo njinga simungapalasenso." Anamwerengera ndalama zace natsazikana naye. Pa mpando uja anaikapo mnyamata wacilendo amene anatha caka cathunthu akufunafuna mafailo. Ana awiri a mesenjala uja anasiya sukulu caka comweco.

Yerekezani anthu awiriwa. Onse anali ndi cilema ca miyendo, ndipo onse anali ndi luso lofunika kwa mwini nchito. Cowasiyanitsa cinali cakuti woyambayo anapeza munthu wofunsa kuti, "Tingasinthe ciani?" pamene waciwiriyo anapeza anthu oona mwendo wosowa wokha. Koma kodi n'koyenera kuti cakudya ca banja lonse cidalire mwai wa kukumana ndi kapitao wa mtima wabwino? Iai. Cifundo ciri ngati mvula ya m'malimwe, igwa pamunda wa uyu nilambalala wa uyo. Ndico cifukwa cace maiko anaona kuti nkhani iyi ilembedwe m'malamulo.

Pa 13 December 2006 bungwe la United Nations linabvomereza pangano la ufulu wa anthu olemala, ndipo Zambia inalowa m'panganolo kotheratu m'caka ca 2010. Panganolo linena kuti wolemala akonzeredwe zinthu mwa njira yoyenera ndi yofunika kwa iye, malinga kukonzako kusakhale katundu wopitirira muyeso kwa wokonzayo. Linenanso cinthu cina cacikulu, cakuti kukana kukonza kotere ndi tsankho. M'caka ca 2012 nyumba ya malamulo ya Zambia inapanga lamulo lochedwa Persons with Disabilities Act, lolowa m'malo mwa lina la 1996, ndipo mfundo yomweyi irimo. Lamulo la nchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, liletsanso mwini nchito kusankhula munthu cifukwa ca cilema. Taonani tsono kuti tsankho siliri m'kutukwana ndi m'kupitikitsa mokha iai. Mwini nchito angathe kulankhula mokoma, kumwetulira, ndi kupereka mpando kwa mlendo, koma ngati akana kusintha kanthu kakang'ono kamene kakanatsegulira munthu njira, lamulo limuyesa watsankho.

Nanga zoyenera kusintha ndi ziti? Lamulo la ku Britain la 2010, lochedwa Equality Act, lizigawa patatu, ndipo kugawa kwaceko kutithandiza ifenso kuganiza bwino. Coyamba ndi malamulo ndi macitidwe a pa nchito. Wodwala khunyu angathe kugwira nchito zambiri, koma asaikidwe pafupi ndi moto kapena pamwamba pa denga, ndipo aloledwe kupita kucipatala tsiku lotenga mankhwala. Wacialubino wogwira nchito ya pabwalo angayambe m'mamawa ndi kulowa mumthunzi dzuwa likafika pamutu, pakuti dzuwa liononga khungu lace. Wosaona wofuna nchito asapatsidwe mayeso a papepala lokha, ngati kuti cofunika ndi maso ace pamene cofunika ndi nzeru zace.

Caciwiri ndi nyumba yeniyeniyo. Amisiri omanga ali ndi muyeso wodziwika wa njira yotsetsereka yokwerapo njinga ya olemala, wakuti pa kukwera kwa sentimita 1 pakhale kutalika kwa masentimita 12. Inu amene mwaphunzira masamu werengani nokha: khwerero la masentimita 15 lifuna njira yotalika masentimita 180, yosakwana ndi mamita awiri omwe. Imeneyo ndi nchito ya matumba owerengeka a simenti ndi tsiku limodzi. Kwina kufunika kukuza khomo la cimbudzi ndi kuikamo citsulo cogwirira. Kwina sikufunika kumanga kanthu konse, koma kungotsitsa tebulo la munthuyo kucokera m'cipinda ca pamwamba kudza m'ca pansi.

Cacitatu ndi zipangizo ndi athandizi. Wosamva sadziwa kuti belu la ngozi lalira, koma nyali yophethira aiona. Pa msonkhano wa anchito afuna womasulira cinenero ca manja, kapena kuti zonenedwazo zilembedwe. Woona pang'ono afuna malemba akuluakulu. Wosaona konse angagwire nchito ya ukalaliki pa kompyuta yokhala ndi pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa, ndipo ina mwa mapulogalamu otere, yochedwa NVDA, imene inayambidwa m'caka ca 2006 ndi anthu osaona a ku Australia, ipezeka pa intaneti kwaulere. Lamulo la ku Britain lija linenetsa kuti mtengo wa zokonza zotere usalipitsidwe kwa wolemalayo. Ndipo m'pomveka, pakuti palibe kalaliki amene amdula malipiro cifukwa ca mpando umene akhalapo.

Nkhani yofanana ndi ya mesenjala uja inafika kubwalo la milandu ku Scotland. Mai wina anali wosesa m'miseu pansi pa khonsolo ya Fife. M'caka ca 1999 anacitidwa opaleshoni yaing'ono imene siinayende bwino, ndipo anatsala wosatha kuyenda. Anaphunzira nchito ya mu ofesi, nafunsira malo oposa 100 m'khonsolo yomweyo. Koma malowo anali apamwamba pang'ono kuposa usesi, ndipo lamulo la khonsolo linali lakuti wofuna kukwera apikisane ndi ena poyankha mafunso. Sanapambane ndi kamodzi komwe, ndipo m'caka ca 2001 anamcotsa nchito. M'caka ca 2004 mlanduwo unafika ku House of Lords, bwalo lalikulu koposa la Britain pa masiku amenewo. Oweruza anati kukonza koyenera kungafike pa kusamutsa munthu wotere kumka pa mpando umene angauthe, popanda kumpikisanitsa, ndipo anabweza mlanduwo kubwalo laling'ono kuti uonedwenso. Phunziro lace ndi ili: kucitira anthu onse cimodzimodzi si cilungamo nthawi zonse. Wopatsa wamtali ndi wamfupi mpini wofanana sanawacitire cilungamo onse awiri.

Koma timvenso mau a mwini nchito, pakuti mlandu suweruzidwa ndi mbali imodzi. Iye ati, "Ine ndinatsegula sitolo kuti ndipeze phindu, sindinatsegule nyumba yosungiramo osauka. Ndalama za zonsezi ndizitenga kuti?" Funso limeneli n'labwino, ndipo lamulo silinalinyoze. Ndico cifukwa cace linena za kukonza koyenera, kosapitirira muyeso. Poyesa muyesowo tifunsa ngati kusinthako kudzathandizadi, ngati n'kotheka, mtengo wace ndi wotani, ndiponso mwini nchitoyo ndi wamkulu motani. Zimene tiyembekeza kwa kampani ya migodi kapena kwa banki sitingaziyembekeze kwa mwini kantini wa anchito awiri. Ndiponso palibe wokakamiza mwini basi kulemba wosaona kuti ayendetse basi, pakuti pamenepo maso ndiwo nchito yeniyeniyo. Wolemala ayenera kutha mutu wa nchito, ndipo cosinthidwa ndi njira yoigwirira. Koma ine ndaona kuti ambiri onena za mtengo sanawerenge mtengowo ndi kamodzi komwe. Akanawerenga akanapeza kuti kudula miyendo ya tebulo n'kochipa kuposa kuphunzitsa munthu watsopano caka cathunthu. Boma nalonso licepetsako msonkho kwa olemba nchito anthu olemala.

Kudandaula kwina kucokera kwa anchito anzace. Ati, "Bwanji uyu aloledwa kufika mocedwa, ife ai? Bwanji iye akhala pansi ife tiri ciimire?" Nsanje yotere ibadwa posadziwa. Wobvala magalasi sanapambane anzace, wangofika pamene iwo anali kale. Momwemonso wokonzeredwa malo sanalandire zoposa za anzace, wangocotseredwa cipika cimene cinali pa njira yace yokha. Kapitao wanzeru afotokozera anthu ace zimenezi poyera, koma osaulula za matenda a munthu popanda cilolezo cace.

Ife a kum'mawa tiri ndi cifukwa cina coganizira nkhani iyi. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa ana osaona m'caka ca 1905, ndipo pambuyo pace anatsegulanso sukulu ya osamva. Ana osaona aphunzira kuwerenga ndi zala, mwa njira ya timadontho 6 imene Louis Braille wa ku France anaipanga m'caka ca 1824 ali ndi zaka 15, iye mwini atataya maso akali wamng'ono pobvulala ndi cida ca m'nyumba ya nchito ya atate wace. Kwa zaka zoposa 100 tsono dziko lino lakhala likuphunzitsa ana otere. Lazarus Tembo, woimba wosaona, anafika pokhala nduna yaing'ono m'boma la Kenneth Kaunda. Koma pa mmodzi wofika pamwamba, ndi angati amene abwerera kumudzi ndi satifiketi m'bokosi, cifukwa palibe ofesi yofuna kusuntha tebulo? Kuphunzitsa mwana zaka 12 ndi kumtsekera citseko ca nchito kuli ngati kulima munda, kupalira, ndi kusiya cimanga ciolere m'munda momwemo.

Tsono ndilankhule ndi inu amene muli ndi cilema ndipo mufuna nchito. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwini nchito sangakonze cimene sacidziwa, ndipo zilema zina, monga khunyu, kusamva bwino ndi matenda a maganizo, sizioneka ndi maso. Nenani cimene cikubvutani, ndipo nenaninso cimene cingathandize, pakuti palibe wodziwa thupi lanu koposa inu. Musangoti, "Ndithandizeni," koma muziti, "Mukanditsitsira tebulo ili ndidzatha kudula nsaru." Pempho lanu mulilembe m'kalata yokhala ndi tsiku, ndipo musunge kope lace. Mukakanizidwa popanda cifukwa comveka, njira ziripo: ofesi ya Labour ya m'boma lanu, bungwe la anchito ngati muli m'bungwe, Zambia Agency for Persons with Disabilities, ndi Human Rights Commission. Milandu ya nchito iweruzidwa ku gawo la High Court loona za anchito ndi owalemba. Wobvulala ali pa nchito adziwe za cipepeso cocokera ku Workers' Compensation Fund Control Board, koma adziwenso kuti cipepeso sicilowa m'malo mwa nchito. Ndipo mukakonzeredwa malo, gwirani nchito ndi mtima wonse, pakuti pambuyo panu pali ena amene adzaweruzidwa ndi mbiri yanu.

Ndipo inu ena, amene lero muli kulemba makalata ofunsira nchito, zaka zidzapita msanga, ndipo ena a inu mudzakhala akapitao, aphunzitsi akulu, eni masitolo ndi olemba anzanu nchito. Tsiku lina adzaima pakhomo panu munthu wa ndodo, kapena wolankhula ndi manja, kapena wanchito wanu wakale atabwera kucokera kucipatala wosiyana ndi m'mene anapitira. Musafulumire kumgamulira zimene angathe ndi zimene sangathe, pakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mkhazikeni pansi, mumuuze mutu wa nchito, ndipo mumfunse cimene cimchinga. Yesani njira imodzi mwezi umodzi, ikakanika yesani ina. Mukapeza kuti n'zosathekadi, mumuuze zifukwa zace poyera monga munthu wamkulu mnzanu. Koma kawirikawiri mudzapeza kuti n'zotheka, ndi kuti zafuna kuganiza koposa ndalama.

Dziko lathu si lolemera kuti lingataye manja a munthu cifukwa miyendo yace yafooka, kapena kutaya mutu wace cifukwa maso ace azima. Munthu wogwira nchito adyetsa ana ace, alipira msonkho, ndipo pabwalo la mudzi mau ace amveka. Munthu yemweyo akamanidwa nchito asanduka katundu wa abale ace, ndipo ife omwe tinamtsekera njira tiyamba kumnena kuti ndi wopemphapempha. Kusankha pakati pa ziwirizi kuli m'manja mwa olemba nchito, ndipo posacedwa kudzakhala m'manja mwanu. Pofika tsikulo mukumbukire mau a akulu akuti, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.